Usanapukute, Funsa Ndani Winanso Wagwira

Upile mwana wanga,

Popeza kuyambira dzulo sukundiyankhula, ndipo tiyi wam'mawa unangondiikira pa tebulo ngati ukuikira mlendo wosamufuna, ndaona kuti ndilembe. Pepala silitembenuza nkhope, silimenyetsanso chitseko. Ndikulemba ndili pa benchi kuseri kwa msika kuno ku Balaka, dzuwa lili paliwombo, akabaza akundiwaza fumbi, ndiye ukaona zilembo zikupendekeka usayambe kunena kuti bambo ako akalamba. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Blantyre kukayamba koleji, ndipo wanena kuti upita chimanjamanja, laputopu ndiisunge ndekha ndidzaikidwe nayo m'manda. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, ngakhale unawanenera kukhitchini.

Tiye tikumbutsane zimene zinachitika, chifukwa ndimakudziwa iwe, pofika mawa nkhaniyi idzakhala itatembenuka, wolakwa ndili ine. Ndinabwerera kunyumba nthawi ya buleki chifukwa ndinaiwala makiyi a chipinda cha makompyuta cha kusukulu. Ndinakupeza pakhonde, laputopu ili pamiyendo, pagalasi pali funso lija lomaliza limene makina amafunsa munthu asanapukute disiki yonse, nkhokwe ya zonse za m'laputopu. Chala chako chinali m'mwamba kale. Ndikanati ndiime panjira kupatsana moni ndi a katekisiti, bwenzi pano tikukamba zina. Ndinakulanda, inde, ndipo ndinakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Pa kulandako sindipepesa. Pa kukuwako mwina, tidzaona.

Unati, "Ababa, munandipatsa, ndi yanga. Ndikufuna ndikayambe nayo ili yoyera." Ndinakufunsa ngati ukudziwa zimene zili m'menemo. Unati, "Ndimayesa munakopera pena." Umayesa! Abale inu, mwana wokhoza masamu chonchi, amene akupita kukaphunzira za makompyuta zenizenizo, akuti amayesa. Penapo pati? Foni ya malemu mayi ako inabedwa pa depoti ku Liwonde iwe uli pomwepo, unalira ndiwe. Fulashi ija imene tinakoperamo tinaichapira limodzi ndi buluku langa. Mawu a mayi ako, onse amene atsala pa dziko lino, ali mu disiki imeneyo, kwina kulibe. Ukhoza kundifunsa kuti nanga ine ndinalekeranji kukoperanso. Funso labwino ndithu, koma silikuchotsera mlandu wako.

Ndiye khala pansi ndikuphunzitsenso phunziro limene ndinakuphunzitsa uli ku sekondale, poti zikuoneka kuti linangokudutsa. M'chiyankhulo chija cha makompyuta chimene timalembera mapulogalamu athu muli chosungiramo zinthu chotchedwa hashi tebulo. Umaika dzina, pa dzinapo n'kumangirirapo chinthu chake, kuti ukatchula dzinalo chinthucho chibwere msanga. Matebulowa alipo amitundu iwiri. Lina ndi losinthika, ndipo limenelo lili ngati bolodi la m'kalasi. Ndi limodzi lomwelo, aliyense akuyang'ana pomwepo, ndipo ukalipukuta wapukutira kalasi yonse, ngakhale uja wakumbuyo amene anali asanamalize kukopera. Lina ndi losasinthika. Limenelo ukalilamula kuti lipukutike silipukutika, iyayi. Makina amakupatsa tebulo lina latsopano lopanda kanthu, lakale lija n'kukhala mmene linalili kwa aliyense amene waligwira. Pakamwa timati kupukuta konsekonse, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo wozisokoneza amaliritsa anthu.

Waiwala za ku Ngokwe? Ine sindinaiwale. Mayi ako ankatsogolera gulu la amayi osunga mbewu zamakolo kumudzi kwawo kuja: mapira, nandolo, khobwe, nzama, ndi chimanga chija chosafumbwa msanga. Mwambo wawo unali woti mvula isanagwe amakumana pabwalo la tchalitchi n'kusinthana mbewu, ndipo wotenga kwa mnzake amadzabweza akakolola kuti mtunduwo usathe. Ine ndinawalembera kapulogalamu: dzina la mayi, pa dzinapo mbewu imene akusunga ndi kumene anaitenga. Poti ambiri mwa amayiwo sawerenga, mayi ako anadzijambula mawu akuyankhula za mbewu iliyonse, kufotokoza m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti iyi imafuna dothi lotani, imacha nthawi yanji, imasungidwa bwanji. Tebulo la pulogalamuyo ndinalipanga losinthika, chifukwa tsiku la msonkhano maina amalowa ndi kutuluka ngati anthu pachigayo.

Kenaka kunatulukira katswiri. Unali utangophunzira kulemba fankishoni, kaja kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi, mapewa ali m'mwamba, ukuti pulogalamu ya ababa ndi yochedwa, uikonza. Unafuna tebulo lopanda kanthu loyeserapo, ndipo m'malo mopanga lako, unatenga limene linalipo n'kulilamula kuti lipukutike. Umayesa, mawu ako omwewa, kuti likupatsa latsopano. Linali losinthika. Mbali zonse za pulogalamu zimene zinaligwira zinangoona pali mbee, ndipo potseka pulogalamuyo inasunga tebulo lopanda kanthulo pamwamba pa lakale. Mwayi wake mawu ojambulidwa aja ankakhala paokha, sanakhudzidwe. Iwe sunauze munthu, chifukwa sunadziwe n'komwe kuti waononga.

Loweruka lake tinakwera matola mpaka ku Ngokwe. Amayi anali atayala zitenje pansi, mbewu zili m'mabotolo, m'zikho ndi m'timapukusi. Mayi ako anatsegula laputopu monyadira, n'kupeza mulibe ngakhale dzina limodzi. Anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana iwe, iwe unayang'ana mtengo wa mango. Posakhalitsa mayi wina anati mapira ofiira aja mwini wake ndi iye, wina anakana m'Chiyao kuti, "Ngwamba! Anachokera m'nkhokwe mwanga amenewo," ndipo anthu oimbira kwaya imodzi anayamba kulozana zala. Msonkhano unabalalika osasinthana kanthu. Mayi ako anatsala komweko, n'kumapalasa njinga khomo ndi khomo kufunsanso mayi aliyense, padzuwa lija la Okutobala, kuti mbewu zifike m'manja mwa eni mvula isanagwe. Anabwerako atada bii, miyendo itatupa.

Sanakukalipire, ukukumbuka? Ine ndiye ndinali nditafufuma ndi mkwiyo, koma iwo anangodikira tsiku lina ukukataya madzi otsukira mbale kuseri kwa mpanda, n'kukuitana. Anati, "Upile, usanakhuthule beseni uziyamba wasuzumira. Kuseriko kumadutsa anthu." Basi, anathera pomwepo. Ine ndinaonjezerapo zakusukulu: usanapukute tebulo dziwa kaye kuti ndi lamtundu uti, ndipo funsa kuti ndani winanso waligwira. Unagwedeza mutu, unalemba m'kope, unajambulanso mzere kunsi kwake ndi cholembera chofiira. Dzulo ndi pamene ndaona kuti tinangoononga inki.

Usaganize kuti losasinthikalo ndiye lopanda msampha. Limenelo linagwetsa ine, ndipo aphunzitsi anzanga mpaka lero amandiseka nalo. Nditapsa ndi za ku Ngokwe ndinalumbira kuti matebulo anga onse azikhala osasinthika. Ndinalemba pulogalamu yogawira ana malo okhala pa mayeso a kusukulu kwathu. Chaka chitatha ndinalamula kuti tebulo lipukutike, makina anandipatsa latsopano, koma ine sindinalilandire. Ndinapitiriza ndi lakale lomwe lija, mumtima ndikuti ndayeretsa. Tsiku la mayeso timapepala tomata pa madesiki tinatuluka ndi maina a ana a chaka chatha osakanikirana ndi a chaka chimenecho. Desiki yakutsogolo inali ya mtsikana amene anali atakwatiwa kale ku Ntaja, mwana ali kumsana. A hedi anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Aphunzitsi, kodi ameneyu timutumizire galimoto?" Ndinatuluka thukuta mpaka m'masokosi. Phunziro lake ndi lakuti pali zinthu zina zimene ukaziuza kuti zichoke sizichoka, ndipo ukapatsidwa chatsopano uyenera kutambasula manja n'kuchilandira.

Ndikunena zimenezi chifukwa cha mawu ako achiwiri aja, amene unanena nditakulanda kale, misozi ili m'maso. Unati, "Ababa, ndatopa. Ndikangoyatsa, ndi iwowo. Ndizikawamvanso ku hositelo, anzanga ali pomwepo?" Apo ndiye ndinangoonjezera kukuwa.

Ndikudziwa chimene ukunena. Mayi ako ankadana ndi mafuta pa mabatani a laputopu. Iwe ndi ine tinkadya mandasi kwinaku tikulemba mapulogalamu, mabatani n'kumachita kunyezimira. Tsiku lina ndikuyesa chojambulira mawu, iwo anakuwa ali kukhitchini kuti, "Mwasamba m'manja?" Makina anagwira. Mwachipongwe changa ndinawaika mawuwo kuti azimveka laputopu ikangoyaka. Poyamba anakwiya, akuti ndawasandutsa wailesi, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira pamenepo laputopu imeneyi sinayakepo osatifunsa za m'manja. Pamene anali moyo zinali nthabwala. Chiwaikireni m'manda, funso lomwelo limabaya. Inenso, mwana wanga, masiku ena ndimayatsa nditatsitsa voliyumu. Masiku ena ndimayatsa, ndimazimitsa, n'kuyatsanso.

Koma tamvera, mwana iwe. Ukuganiza kuti ukanadina batani lija mayi ako akanachoka m'mutu mwako? Iyayi! Za m'mutuzo ndi zija zosasinthika, ungazilamule chotani zimangokhala pomwepo. Ukanafika ku Blantyre ndi laputopu yako yoyera, n'kumawamvabe uli pa mpopi wa ku hositelo, sopo ali m'manja. Chimene chikanapukutika ndi chathu ife otsala. Ukanataya chathu, chokupwetekacho chikadalipo. Masamu ake ndi ati amenewo? Ndiwe amene unkabwera ndi mphoto za masamu iwe?

Ndipo funso lija sunalifunse: ndani winanso wagwira? Ndikuuze ine, poti safunsa anadya phula. Wagwira Tamanda, mng'ono wako, amene panopa ali m'kalasi ku sukulu yake yogonera ku Machinga, osadziwa kuti dzulo akanaferedwa kachiwiri. Akabwera ku holide, chikwama asanachitule n'komwe amathamangira laputopu imeneyi. Pali pena pamene mayi ako ankafotokoza za nzama, lilime linawapotoka, n'kuyamba kuseka okha osatha kuleka. Tamanda amabwereza pamenepo. Anandiuza kuti nkhope yawo amaikumbuka chifukwa cha zithunzi, koma kuseka kwawo kumamuthawa akakhalitsa osakumva. Iwe unakhala nawo zaka zambiri kuposa iye, uli ndi nkhokwe yodzaza. Mnzakoyo ali ndi kabotolo kamodzi, ndipo dzulo unafuna kukakhuthula.

Agwiranso mayi ako aang'ono a ku Nsanama. Umayesa mpunga uja amatibweretsera chifukwa choti kuno kulibe mpunga? Amafika, amatula thumba, amamwa madzi, kenaka amati, "Alamu, tandiyatsireni achemwali." Amakhala dzanja lili patsaya, kumvera mkulu wawo akufotokoza za khobwe, chikhalirecho khobweyo amamudziwa kuposa tonsefe. Agwiranso amayi a ku Ngokwe, amene mpaka pano akakangana za nthawi yobzala mapira amatuma munthu kuti adzamve chimene amake Upile ananena. Ndagwiranso ine, ngakhale sindikonda kuzinena. Laputopu ndinakupatsa, zoona, ndipo sindikubweza mawu. Koma mayi ako sindinakupatse kuti akhale ako wekha.

Tsono kumene ukupitako udzapeza zogwirizira limodzi zambiri kuposa za pakhomo pano. Adzakuikani m'magulu kuti mulembe pulogalamu imodzi anthu angapo. Wina adzakupatsira tebulo mu fankishoni yako, ndipo lidzaoneka ngati lako chifukwa lili m'manja mwako. Si lako! Yang'ana kumene lachokera, dziwa mtundu wake. Ukafuna lopanda kanthu, panga lako, silivuta, ndi mzere umodzi. Ukaona kuti lopukutidwa liyenera kukhala lomwelo la onse, imirira, pita ukafunse anzakowo ndi pakamwa, ngakhale akuseke kuti ndiwe wamantha. Kusekedwa sikutupitsa miyendo. Ndipo mawu akuti ndimayesa uwasiye kuno, ndikusungira m'kabati, udzawapeza pobwera.

Si za makompyuta zokha. Ndakhala ndikukuona, usaganize kuti maso angawa ndi oonera choko chokha. Ukakangana ndi mnzako, tsiku lomwelo nambala yake wafufuta, zithunzi wafufuta, ngati munthuyo sanabadwe n'komwe. Mwana wa a katekisiti uja munakula naye, lero mumadutsana ngati simudziwana, chifukwa cha diresi. Diresi! Ukatopa ndi chipinda umatulutsa zonse panja n'kuyatsa moto, ndipo ndi mmene satifiketi yanga ya ubatizo inapitira. Uli ndi mtima wokonda poyera, ndipo si woipa, mayi akonso anali otero. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankasuzumira kaye. Ku hositelo mudzakhala angapo m'chipinda chimodzi, ndowa imodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Usanataye chilichonse, usanafufute munthu aliyense, funsa. Madzi akatayika saoleka, ndipo anthu ena ukawataya sudzapeza njinga yokawafunira khomo ndi khomo.

Zina ndi zomwe ukuzidziwa kale. Uzidya, usamangokhalira tiyi ndi mabanzi chifukwa pulogalamu yakana kuyenda. Uzipita ku tchalitchi ngakhale kulibe wokudzutsa. Mnyamata akakuuza kuti akuthandiza homuweki usiku, umuuze kuti bambo ako ndi mphunzitsi wa zomwezo ndipo foni yawo imagwira. Ntchito yako uzisunga malo awiri, usatengere ine. Uziimba foni, osati kungofulasha kuti ndiimbe ine.

Tsopano ndikuuze chimene ndikuchita pa benchi pano, poti ndikudziwa ukuti bambowa apenga, akukalemberanji kalata kumsika. Benchiyi ndi ya bambo uja wokonza mafoni ndi makompyuta, wa kanyumba kobiriwira kaja. Ndabwera ndi laputopu. Ndamuuza kuti achotse disiki yakale, aike ina yatsopano yopanda kanthu. Wagwira ntchitoyo ine ndikuyang'anitsitsa ngati mphamba, mpaka wadandaula kuti ndikumutchingira kuwala. Atachotsa yakaleyo anaitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Madala, iyi ikadali bwino, tiipukute tigulitse?" Ndinamuyang'ana mpaka anapepesa yekha osadziwa chimene walakwa. Kodi anthu inu mwatani ndi kupukuta?

Ndiye ndachita zija za tebulo losasinthika. Iwe ukutenga yatsopano, yoyera mbee monga umafunira, ndamuuza akuikiremo chiyankhulo chathu chija ndi zolembera mapulogalamu basi. Yakale itsala pakhomo mmene inalili, osachotsapo kanthu. Bamboyu waiika m'kabokosi kokhala ndi chingwe kuti tizitha kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo ndikaikulunga mu mpango wa kwaya wa mayi ako n'kuiika pamwamba pa kabati. Inde, ndikopera kawiri ulendo uno, usandiyang'ane choncho. Tamanda akabwera adzamva kuseka kuja. Mayi ako aang'ono adzapitiriza kutinamiza ndi mpunga. Iwenso tsiku lina udzafuna, kaya ndi chaka chamawa, kaya udzakhala uli ndi ana ako, ndipo udzaipeza. Sindidzakufunsa kanthu, ndidzangokutsitsira.

Chimene ndikupempha n'chimodzi: uilandire. Usachite zanga zija zopatsidwa tebulo latsopano n'kulisiya, n'kumayendabe ndi lakale. Zopita chimanjamanjazo uleke, ku koleji sakalembera mapulogalamu pa mkwiyo. Kalatayi uipeza m'chikwama cha laputopu, pamwamba pa zovala zako. Mawa ndikuperekeza ku depoti, ufune usafune, ndipo ndinyamula sutikesi ndine. Ngati sukufuna kundiyankhula, chabwino, tiyenda ngati anthu ochokera kumaliro, koma basi isananyamuke uyang'ane pawindo.

Bambo wokonza uja wamaliza tsopano, wandipatsa kuti ndiyese. Ndaiyatsa. Yayaka msanga kuposa kale, galasi lili mbee, koma yangoti zii, osafunsa kanthu. Ndakhala pano ndikudikirabe ngati chitsiru, khutu lili tcheru, mpaka bamboyu wandifunsa ngati pali chavuta. Ndamuuza kuti ndi fumbi la akabazawa landilowa m'maso.

Ndiye poti kumene ukupitako kulibe wokufunsa, ndikufunsiretu ine, lero ndi masiku onse amene udzaitsegule. Mawu owerengera funsoli uli nawo kale m'mutu mwako, sanapukutike.

Mwasamba m'manja?

Ndine bambo ako,
wokwiyabe pang'ono.